NCHENCHE SI ZOFANANA ZONSE: DZIWANI YA PA KHOMO PANU

Mvula ikayamba kugwa ndipo mango akayamba kupsa, nchenche zimaculuka m'makomboni athu onse. Zimadzaza pa msika, pa mbale za nsima, ku zimbudzi ndi pa nkhope za ana. Ambiri a ife timangoti nchenche ndi nchenche, n'kuipirikitsa ndi dzanja basi. Koma nchenche ziri m'mitundu yambiri, ndipo mtundu uli wonse uli ndi malo ake oswanirana, cakudya cake ndiponso matenda ake. Ina imaswana m'zinyalala, ina m'dzenje la cimbudzi, ina m'khola, ina pa mcenga pamene mwana wakodza.

Ndico cifukwa cake kudziwa maonekedwe a nchenche kuli ndi phindu pa banja. Mukadziwa mtundu wa nchenche imene yaculuka pa khomo panu, mwadziwa kale pamene pali uve umene ukuibala, ndipo mwadziwanso matenda amene muyenera kucenjera nao. Kupopera mankhwala m'nyumba kumapha nchenche za tsiku limenelo cabe. Mawa zina zidzabwera, cifukwa kumene zicokera simunafikeko.

MUYANG'ANE CIANI PA NCHENCHE?

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchenche nayonso ifuna kudekha. Ipheni ndi nyuzipepala yopinda popanda kuiphwanya, muiike pa pepala loyera pamalo owala, kapena muitsekere m'kabotolo koonekera m'kati. Ngati mwana wa sukulu ali ndi galasi lokuzira zinthu, libwerekeni. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo.

Thupi la nchenche liri ndi zigawo zitatu: mutu, cifuwa ndi mimba. Miyendo yonse 6 ndi mapiko zimamera pa cifuwa, ndipo pamwamba pa cifuwaco ndi pamene tidzapachula kuti pa msana m'nkhani ino. Nchenche yeni-yeni iri ndi mapiko awiri cabe. Kumbuyo kwa phiko liri lonse kuli kanthu kakang'ono konga kacibonga, kamene kamaithandiza kuti isapendekeke pouluka. Njuci ndi mabvu ziri ndi mapiko anai, motero si nchenche ai. Udzudzu uli ndi mapiko awiri, ndipo akatswiri amauika m'gulu limodzi ndi nchenche, gulu lochedwa Diptera, dzina lotanthauza kuti mapiko awiri.

Pali zinthu zisanu zimene muyenera kuona:

1. Ukulu wake. Kodi ndi yaing'ono ngati njere ya mpunga, kapena yaikulu ngati nyemba?
2. Mtundu wa thupi lake. Kodi ndi yotuwa, yobiriwira monyezimira, kapena yacikasu? Nanga pa msana pali mizere ingati?
3. Mlomo wake. Kodi ndi wofewa wolendewera pansi, kapena ndi wosongoka ngati nsingano yoloza kutsogolo? Ya mlomo wofewa imanyambita, ya mlomo wosongoka imaluma.
4. Mapiko ake ikatera. Kodi ndi otanyula, kapena asanjikizana limodzi pamwamba pa linzake?
5. Malo amene ikonda kutera: pa cakudya, pa maso, pa akakolo, pa makutu a galu kapena pa zobvala.

Dziwaninso ici. Nchenche ikaturuka ndi mapiko sikulanso ai. Kukula konse kumacitika pamene ikali mphutsi. Tsono nchenche yaing'ono si mwana wa nchenche yaikulu. Kawiri-kawiri imakhala ya mtundu wina.

NCHENCHE YA M'NYUMBA

Iyi ndiyo imene tonse tiidziwa. Akatswiri amaicha Musca domestica. Kutalika kwake ndi mamilimita 6 mpaka 7, thupi lake ndi lotuwa ngati phulusa, ndipo pa msana pali mizere inai yakuda yocokera ku mutu kupita kumbuyo. Maso ake ndi akulu, ofiirira. Pa yaimuna masowo ndi oyandikana, pa yaikazi pali mpata waukulu pakati pake. Ikatera, mapiko amakhala otanyula pang'ono. Mukaliyang'ana bwino phiko lake mudzaona timitsempha, ndipo kamodzi ka ito, ka pakati, kamakhota mwadzidzidzi kulinga kutsogolo pafupi ndi nsonga. Kukhota kumeneku ndi cimodzi mwa zizindikiro zimene akatswiri amaizindikirira nazo.

Mlomo wake ndi wofewa ndipo kunsonga kwake kuli ngati kasiponji. Singathe kuluma kapena kutafuna. Ikatera pa shuga kapena pa nsima imayamba yasanzirapo timadzi kuti cakudyaco cisungunuke, kenaka n'kuyamwa. Pamene ikudya imacitiranso cimbudzi pomwepo. Timadontho takuda timene mumaona pa babu la magetsi, pa nthambo ndi pa zipupa ndi umboni wake. Pa phazi liri lonse pali tizikhadabo tiwiri ndi timapazi tiwiri taubweya tomata, ndico cifukwa cake itha kuyenda pa galasi cazondoka. Ubweya womwewo ndi umene umanyamula tizirombo kucokera ku uve kupita pa mbale.

Matenda amene ithandiza kufalitsa ndi otsegula m'mimba, kamwazi, taifodi ndi kolera, ndipo imanyamulanso mazira a njoka za m'mimba. Tisaiwale kuti njira yaikulu ya kolera ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Nchenche imangoonjezera moto. Koma pa nthawi ya mliri, monga uja unayamba mu Lusaka mu October 2023 n'kupitirira mpaka 2024, umene unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko lathu, palibe njira ya matenda imene tingaione ngati yaing'ono.

Nchenche imeneyi imaswana m'zinyalala zonyowa, m'makoko a mango ndi zotsala za ndiwo, m'zitosi za nkhuku ndi mu ndowe. Yaikazi imaikira mazira 75 mpaka 150 nthawi imodzi, ndipo amaswa lisanathe tsiku. Pa nyengo yotentha, kucokera pa dzira kufika pa nchenche youluka papita masiku 7 mpaka 10 cabe. Motero zinyalala zikakhala sabata yathunthu osakwiriridwa kapena kucotsedwa, mwaweta nchenche zatsopano ndi manja anu.

NCHENCHE YA M'MASO

Pali nchenche ina imene imafanana kwambiri ndi ya m'nyumba, koma ndi yocepako pang'ono ndipo imaoneka yowalirako. Dzina lake ndi Musca sorbens. Kusiyana kwake kuli pa msana: m'malo mwa mizere inai yopyapyala, iyi iri ndi mizere iwiri yotakata, ndipo pa yaikazi mzere uli wonse umacita mphanda ca ku mutu. Koma cizindikiro cimene mai ali yense angacione msanga ndi khalidwe lake. Siikonda kulowa m'nyumba. Imakhala pabwalo ndipo imakakamira pa maso, pa mphuno ndi pa zilonda. Mukaipirikitsa imabwerera pomwepo, cifukwa cakudya cake ndi manthongo, mamina ndi mafinya.

Iyi ndiyo imanyamula matenda a maso a trachoma kucokera kwa mwana mmodzi kupita kwa mnzake. Matendawa amafalanso ndi zala ndi nsalu yopukutira kumaso imene anthu ambiri abwerekana. Poyamba maso amafiira, amayabwa ndi kuturuka manthongo. Mwana akadwala mobwereza-bwereza kwa zaka zambiri, m'kati mwa cikope mumacita zipsera. Akakula, cikope cimapindikira m'kati, nsidze zake n'kumakanda diso mpaka munthu asiya kupenya.

Nchenche ya m'maso imakonda kuikira mazira pa tudzi ta munthu timene tasiyidwa poyera pa dothi. M'dzenje la cimbudzi siiswanamo. Tsono mukaona nchenche za mizere iwiri zaunjikana pa nkhope za ana, funsani kuti ndani akudzithandiza kuseri kwa nyumba kapena m'ngalande. Makolo ambiri amaganiza kuti cimbudzi ca mwana wamng'ono ciribe bvuto, koma nchenche siisankha. Ciwoleni msanga mukataye m'dzenje la cimbudzi. Kafuku-fuku amene anacitika m'midzi ya ku Gambia, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2004, anapeza kuti kumanga zimbudzi kokha kunacepetsa nchenche zotera pa maso a ana ndi 30 pa 100 pali ponse. Kuonjezera apo, sambitsani ana kumaso ndi madzi aukhondo ndi sopo tsiku ndi tsiku. Matendawa atha kugonjetsedwa. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti anansi athu a ku Malawi athetsa trachoma monga bvuto la umoyo wa anthu.

NCHENCHE YOBIRIWIRA YA KU CIMBUDZI

Iyi siibvuta kuizindikira. Ndi yonenepa, yaikulu kuposa ya m'nyumba, mamilimita 8 mpaka 10, ndipo thupi lake limanyezimira ngati citsulo copaka utoto wobiriwira kapena wa buluu. Pa msana palibe mizere yonga ya nchenche ya m'nyumba. Mitundu yambiri ya kuno kwathu iri ndi timalamba takuda topingasa pa mimba. Pouluka imacita phokoso lalikulu. Akatswiri amaziika nchenche zimenezi m'gulu la Chrysomya ndi la Lucilia. Ina mwa izo, Chrysomya putoria, imaswana kwambiri m'maenje a zimbudzi, ndipo mphutsi zimene mumaona zikukwawa pa khoma la dzenje nthawi ya dzinja kawiri-kawiri ndi ana ake.

Bvuto la nchenche imeneyi ndi ulendo wake. Imabadwira m'cimbudzi, koma imakonda nyama, nsomba zaziwisi ndi mango osenda. Ikaturuka m'dzenje imalunjika pa thebulo la wogulitsa nsomba kapena pa nyama imene mwapacika m'khichini. Imaikira mazira oyera, ounjikana ngati timpunga, pa nyama, pa nsomba zimene zikuyanikidwa, ndiponso pa zilonda zosamanga. Wodwala amene ali cigonere, nkhalamba, ndi mwana amene khutu lake likuturuka mafinya ayenera kutetezedwa kwambiri. Cilonda cimangidwe ndi nsalu yoyera. Mukaona mphutsi pa cilonda, m'khutu kapena m'mphuno, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa pali mtundu wina wa Chrysomya umene mphutsi zake zimadya mnofu wamoyo.

Kwa ogulitsa pa msika: musapopere mankhwala ophera tizirombo pa nsomba kapena pa nyama. Amenewo ndi poizoni kwa wogula. Phimbani malonda anu ndi nsalu ya neti kapena sefa wa waya.

Mankhwala eni-eni a nchenche yobiriwira ali pa cimbudzi. Cimbudzi wamba ca dzenje cikhale ndi cibvundikiro cokwana bwino, cokhala ndi cogwirira, ndipo cibwezedwe nthawi zonse. Ming'alu ya pa simenti imatidwe. Cabwino koposa ndi cimbudzi ca paipi yoturutsa mpweya, cimene ambiri aticha VIP. Cinapangidwa ndi Peter Morgan ndi anzake pa Blair Research Laboratory ku Harare m'zaka za m'ma 1970. Nzeru yake yagona pa khalidwe la nchenche lotsata kuwala. M'kacipinda mumakhala mdima pang'ono, motero nchenche zobadwira m'dzenje zimaona kuwala kumwamba kwa paipi, zimakwera, n'kupeza sefa wotseka, ndipo zimafera momwemo. Poyesa mu 1975, kwa masiku 78 anagwira nchenche 13,953 zocokera m'cimbudzi copanda paipi, pamene m'ca paipi munaturuka 146 cabe. Kumbukirani kuti pa cimbudzi ca VIP sitiika cibvundikiro, cifukwa mpweya uyenera kulowa pa bowo n'kuturukira ku paipi. Ndipo sefa wa pamwamba akang'ambika, paipi ija yasanduka msewu wa nchenche. Muziuyang'ana kawiri-kawiri.

NCHENCHE YA MANGA-MANGA PA MIMBA

Nthawi zina mumaona cinchenche cotuwa, cacikulu kuposa ca m'nyumba, ca maso ofiira kwambiri. Werengani mizere ya pa msana: iri itatu, osati inai. Mimba yake iri ndi timabokosi totuwa ndi takuda ngati thabwa losewerapo drafuti. Imeneyi ndi ya gulu la Sarcophaga. Siiikira mazira koma imabala timphutsi tamoyo, ndico cifukwa cake nyama itha kuoneka ndi mphutsi patangopita kanthawi kocepa. Zikaculuka m'nyumba pamodzi ndi zobiriwira popanda cifukwa cooneka, fufuzani kudenga kapena kuseri kwa kabati. Kawiri-kawiri kumakhala khoswe wakufa.

NCHENCHE YOLUMA YA M'KHOLA

Anthu ena amadabwa kuti nchenche ya m'nyumba yawaluma pa akakolo. Ya m'nyumba siiluma. Imene yakulumaniyo ndi ina, yochedwa Stomoxys. Ukulu ndi mtundu wa thupi n'zofanana ndi ya m'nyumba, ndipo nayonso iri ndi mizere inai pa msana. Koma yang'anani ku mutu: pali kamlomo kakuda, kolimba, kosongoka, koloza kutsogolo ngakhale pamene yangotera. Mimba yake ndi yaifupi, yotakata, ndipo iri ndi timadontho takuda tozungulira. Yaimuna ndi yaikazi zonse zimayamwa magazi, ndipo zimaluma masana.

Iyi ndiyo imadya nsonga za makutu a agalu mpaka kucita zilonda, ndiponso imasautsa ng'ombe ndi mbuzi m'miyendo. Kwa anthu siidziwika ndi matenda akulu, koma polumidwa pakakandidwa pamasanduka cilonda, maka-maka pa ana. Imaswana mu udzu woola wosakanizika ndi ndowe ndi mkodzo. Inu amene muweta nkhuku kuseri kwa nyumba, utuci wonyowa wa m'khola umene mwaunjika pa mpanda ndiwo cisa cake. Uyanikeni pa dzuwa mouwaza, kapena muukwirire m'dimba.

PUTSI, NCHENCHE YA PA ZOBVALA

Makolo ambiri adziwa cithupsa ca putsi, koma ndi ocepa amene anaiona nchenche yake. Dzina lake kwa akatswiri ndi Cordylobia anthropophaga. Ndi yojincha, mamilimita 6 mpaka 12, ya mtundu wacikasu cofiirira ngati nshawa zokazinga. Nkhope ndi miyendo yake n'zacikasu, pa msana pali mizere iwiri yakuda yosaoneka bwino, ndipo kumapeto kwa mimba ndi koderako. Mapiko ake ndi ofiirira pang'ono. Siiluma, siicita phokoso kwambiri, ndipo imauluka m'mawa ndi madzulo. Masana imabisala mu mthunzi, pansi pa denga la khonde kapena m'kacisi ka galu.

Yaikazi siiikira mazira pa thupi la munthu ai. Imaikira mazira 100 mpaka 300 pa mcenga wouma wa mu mthunzi umene uli ndi fungo la mkodzo kapena tudzi, ndiponso pa zobvala, matewera ndi zofunda zoyanikidwa pansi kapena mu mthunzi. Mazira amaswa pa tsiku limodzi mpaka atatu. Kamphutsi kake katha kudikira kupitirira sabata osadya kanthu. Kakamva kufunda kwa thupi kamaboola khungu n'kulowa, munthu osamva kanthu. Agalu ndi makoswe ndiwo amaweta putsi kwambiri, motero khomo la agalu ambiri limakhalanso ndi putsi wambiri.

Cotupa cake cimafanana ndi cithupsa, koma pakati pali kabowo koturuka timadzi, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona timadontho tiwiri takuda. Amenewo ndi mapumiro a mphutsi. Wodwala amamva kubaya ndi kanthu koyenda m'kati. Zotupazi zimakonda pa msana, pa matako, m'ciuno ndi m'ncafu, malo amene cobvala cimagunda thupi. Mphutsi imakhwima pa masiku 8 mpaka 12, kenaka imaturuka n'kugwa pansi kuti ikasanduke nchenche.

Pocotsa, matani kabowo ndi Vaseline wambiri kuti mphutsi isowe mpweya. Dikirani theka la ola kapena ola lathunthu. Ikayamba kusuzumira, kanikizani pang'ono-pang'ono m'mbali mwa cotupaco mpaka ituruke yonse, ndipo mutsuke ndi madzi ndi sopo. Musaceke ndi lezala kapena kutokosa ndi nsingano, cifukwa mphutsi ikaphulikira m'kati pamatupa koposa. Ngati cotupa ciri pafupi ndi diso kapena kumalo obisika, ngati ziri zambiri pa khanda, kapena ngati thupi latentha, bwerani naye ku kiliniki.

Kupewa kwake ndi uku: yanikani zobvala pa cingwe pa dzuwa leni-leni, osati pa udzu kapena pa mpanda wa maluwa. Sitani zonse mbali ziwiri, maka-maka m'misoko ndi m'ciuno, osaiwala matewera, zobvala za m'kati ndi nsalu za pa bedi. Magetsi akazima, nsimbi ya makala igwira nchito yomweyo. Musagoneke khanda pa mcenga wa pansi pa mtengo pamene agalu amagona.

KASHEMBE

Kashembe, imene ena aicha tsetse, si nchenche ya m'tauni. Koma ambiri a ife tiri ndi abale ku cigwa ca Luangwa, ku Mambwe, ku Chama, ku Nyimba kapena ku Rufunsa. Ena amapita kukagula nsomba, ena agwira nchito m'malo osungira nyama za m'thengo. Motero banja liri lonse liyenera kuidziwa.

Kutalika kwa kashembe ndi mamilimita 6 mpaka 14 malinga ndi mtundu wake, ndipo thupi lake ndi lofiirira motuwa. Iri ndi zizindikiro zitatu zimene sizinama. Coyamba ndi mlomo wautali, woongoka, woloza kutsogolo ngati nsingano. Caciwiri ndi mapiko: ikatera amasanjikizana kweni-kweni, limodzi pamwamba pa linzake ngati sizala yotseka, ndipo amapitirira kumapeto kwa mimba. Cacitatu cioneka mukaliyang'ana phiko pa kuwala: pakati pake timitsempha timapanga cithunzi ca kankhwangwa. Akatswiri amayang'ananso kaubweya ka pa tinyanga take, kamene kali ndi nthambi zokhalanso ndi tinthambi tina, cinthu cimene nchenche zina ziribe. Musaisokoneze ndi zinchenche zazikulu zoluma ng'ombe ku madambo. Zimenezo ziri ndi maso akulu, kawiri-kawiri a mawanga owala, mlomo wao ndi waufupi woloza pansi, ndipo mapiko ao sasanjikizana ngati sizala.

Kashembe yaimuna ndi yaikazi zonse zimayamwa magazi, zimaluma masana, ndipo kuluma kwake kumawawa ndi kupyola ngakhale pa malaya opyapyala. Zimakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda ndiponso zinthu zoyenda, monga galimoto ndi njinga. Ndico cifukwa cake nsalu zopaka mankhwala zimene a za ziweto amaimika m'thengo zimakhala za buluu ndi zakuda. Musazicotse nsalu zimenezi. Kashembe siiikira mazira. Imalera mphutsi imodzi m'mimba mwake n'kuibala pa masiku 9 kapena 10 ali onse, ndipo mphutsiyo imalowa m'dothi la mu mthunzi. Popeza imabala pang'ono cotere, misampha imeneyi itha kucepetsa kashembe kwambiri.

Matenda ake pa ng'ombe ndi aja oondetsa ndi kupha ziweto, ndipo pa anthu ndi kaodzera. Kacirombo ka kaodzera wa kuno kwathu, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanafotokozedwa koyamba mu 1910 ndi akatswiri awiri, Stephens ndi Fantham, kucokera m'magazi a munthu amene anatengera matendawa m'cigwa ca Luangwa. Ndi kashembe zocepa cabe zimene zimanyamula kacirombo aka, motero si ali yense wolumidwa amene adzadwala. Koma wodwala akacedwa kulandira mankhwala amamwalira pa masabata kapena miyezi yocepa.

Zizindikiro zimayamba patapita sabata imodzi mpaka atatu: cotupa cowawa pamalo olumidwa, kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo ndi mwanabere. Pambuyo pake munthu amasokonezeka maganizo, amagona masana n'kusowa tulo usiku. Poyamba matendawa amafanana kwambiri ndi malungo, ndipo apa ndi pamene anthu amatayira nthawi. Ngati munapita ku cigwa ndipo thupi latentha, uzani a cipatala kumene munali ndiponso kuti munalumidwa ndi nchenche ya mapiko osanjikizana. Citani cimodzi-modzi ngati popima malungo sanapezeke, kapena mwamwa mankhwala a malungo koma simukupeza bwino. Mau amenewo ndi amene amatipangitsa kuyang'ana magazi anu pa makina oonera tizirombo. Mankhwala alipo. Kwa zaka zambiri kunali jekeseni za suramin ndi melarsoprol, ndipo mu 2024 bungwe la WHO linabvomereza mapiritsi a fexinidazole kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene alemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Popita ku cigwa bvalani zobvala zocindikala, za manja atali, za mtundu wa khaki.

TINCHENCHE TING'ONO-TING'ONO

Tiwiri tokha tichule. Tina ndi tacikasu, ta maso ofiira, timene timazungulira matimati, nthoci zakupsa ndi masese a mowa. Tina ndi totuwa, taubweya, ta mapiko otakata ngati kagulugufe, timene timamatirira pa khoma la bafa. Tonse sitiluma. Toyambato tikukuuzani kuti pali cipatso coola m'khichini. Tacibwirito tikukuuzani kuti paipi yoturutsa madzi kapena ngalande yadzala ndi ndere, ndipo ifunika kukwecha.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Mizere inai ndi mlomo wofewa: yang'anani zinyalala ndi zitosi, ndipo bvundikirani cakudya.

Mizere iwiri, yokakamira pa maso a ana: pali amene akudzithandiza poyera. Sambitsani ana kumaso.

Yobiriwira monyezimira: yang'anani cibvundikiro ca cimbudzi kapena sefa wa pa paipi, ndipo mangani zilonda.

Mizere itatu ndi mimba ya manga-manga: pali nyama yoola kapena khoswe wakufa.

Yonga ya m'nyumba koma ya mlomo wosongoka: cotsani udzu ndi utuci wonyowa wa m'khola.

Yacikasu, yojincha: yanikani pa cingwe ndipo sitani zobvala zonse.

Mapiko osanjikizana ndi mlomo woloza kutsogolo: ndi kashembe. Thupi likatentha thamangirani ku cipatala ndipo nenani kumene munali.

Nchenche siidziwa malire a ploti. Ya m'nyumba itha kuuluka kilomita imodzi kapena kupitirira, motero dzala la mnansi wanu ndi bvuto lanunso. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani ndi anansi anu, ndi a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu ndiponso a khonsolo za milu ya zinyalala ndi zimbudzi zodzala. Mukagwira nchenche imene simukuidziwa, ikani m'kabotolo mupite nayo kwa a zaumoyo oyendera m'makomboni pa kiliniki yanu kuti akuthandizeni kuizindikira. Ndipo mwana akayamba kutsegula m'mimba, yambani kumupatsa madzi a ORS nthawi yomweyo, pitirizani kumuyamwitsa, ndipo mupite naye ku kiliniki osadikira mawa.